Mwala wa Rozaria

Kuchokera ku Zomba phiri la Michesi linkaoneka ngati mtambo chabe, koma atadutsa pa Jali linayamba kukhala phiri ndithu, ndipo Wyson anasiya kuyang'ana kutsogolo. Maso ake anali pa tayala.

Kumbuyo kwake kunali azungu asanu ndi atatu ochokera ku Holande, atavala zipewa zawo zolimba, aliyense pa njinga ya magiya. Anali atayenda nawo masiku atatu. Ku Blantyre anawaonetsa tchalitchi chakale cha njerwa ndi nyumba ya ku Mandala, ku Zomba anawaonetsa nyumba ya malamulo yakale ndi chipilala cha asilikali. Ntchito yake inali imeneyo: kutsogolera alendo pa njinga sabata yathunthu, n'kumawauza zaka ndi mayina a anthu amene anapita kalekale. Za akufa a eni ake ankazifotokoza bwino kwambiri. Alendo ankamuyamikira.

Munali mu Julaye wa 2003. Galimoto ya katundu inkayenda patsogolo pawo. Ankayendetsa Frank, mbadwa ya pa Migowi, wa magalasi akuda ndi pakamwa posapuma. Pambali pake pankakhala Ida wa ku Chinamwali, amene ankaphikira gululo. Ida ndi Wyson anali atagwirizana za banja chaka chitangoyamba, mwakachetechete, monga amachitira anthu amene unyamata unawapita. Frank anali atamufunsirapo Ida kawiri, n'kukanidwa kawiri, koma sankaoneka ngati munthu amene wamva.

Atapuma pansi pa mango, Ida anagawa nthochi ndi mandasi. Phukusi la Wyson analipereka komaliza, osamuyang'ana. M'kati mwa pepalalo munali mawu a pensulo, mafuta atawalowerera: *Amalume ayankha. Tikambirane ku Migowi. Idyani kaye.*

Wyson anadya mandasi onse awiri chifukwa anauzidwa kutero.

* * *

Kuseri kwa nyumba ya alendo pa Migowi, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya bulugama, Wyson anagadamitsa njinga zonse n'kumathira oyilo m'matcheni. Ida anabwera ndi lichero la nandolo, nakhala pa sitepe. Kalata anaitulutsa m'chitenje.

"Ndiwerenge, kapena muwerenga nokha?"

"Manja anga ali ndi oyilo."

"Manja anu amakhala ndi oyilo nthawi zonse pakakhala nkhani."

Anaitambasula pa bondo. "Akuti: 'Iwe Ida, munthu wakoyo ndamufufuza. Samwa, sayendayenda, kutchalitchi amapita. Koma ndamva kuti kuchikamwini kwake sanamusudzule. Mwamuna wosasudzulidwa ndi mwamuna wa mwini, ngakhale mwiniyo atagona kumanda. Ankhoswe ake ine sindiwalandira mpaka apongozi ake atamumasula pamaso pa anthu. Ukatha mwezi wa Ogasiti zisanachitike, usandiuzenso za iye.'" Anapinda kalatayo. "Ndi zoona?"

"Ndi zoona."

"Zaka khumi ndi ziwiri, a Wyson. Anthu amasudzulidwa pakatha chaka. Ena miyezi itatu yokha, tsitsi lisanamere n'komwe."

"Amasudzula amene waika maliro."

Ida anasiya kusankha nandolo.

"Mkazi wanga Rozaria sitinamuike," anatero Wyson. "Napolo atatsika m'phirimu anatenga theka la mudzi wa kwa Tomiha. Ena tinawapeza kutali, m'madambo. Iye ayi. Amayi ake mpaka lero amati mwana wawo sanafe, anangochokapo. Munthu akawauza za kusudzula, amamufunsa kuti manda ake ali kuti."

"Inuyo munayamba mwawauzapo?"

Wyson anazungulitsa pedulo, tayala lakumbuyo n'kumalira m'malere.

"Ankhoswe anga anayesa kawiri."

"Ndafunsa za inu."

"Ine ayi."

"Ndiye n'chifukwa chake ulendo uliwonse tikachoka pano timazungulira kumsewu waukulu, m'fumbi la malole, pamene njira ya m'munsi mwa phiri ilipo? Ine ndimayesa azunguwa ndi amene amaopa miyala."

Wyson anaimitsa tayalalo ndi dzanja. "Mawa tidzera kumeneko. Alendo akamadya, ine ndikawaone amayi."

"Musapite chifukwa choti ndakukakamizani."

"Mwandikakamiza. Koma tidzera komweko."

Ida anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali. "Ine sindikulimbana ndi malemu, a Wyson. Sanandilakwire. Ndikungofuna ndidziwe ngati m'nyumbamo muli poti munthu wamoyo angakhale."

Panali chinthu chimodzi chimene Wyson akanatha kumuuza pamenepo. Chinafika pakamwa, koma anachibweza. Anati mumtima adzachinena zonse zikatha, pamalo podekha.

Ndipo Frank anatulukira pa kona ya nyumba ndi botolo la Fanta m'manja, akuyenda ngati munthu amene wangofika kumene.

"Asisi, imwani, kukhosi kwauma ndi makalata. Madala, mwamva kuti kunja kuno kuli amuna ena osasowa kusudzulidwa? Enafe ndife mapepala oyera. Osalembedwapo kanthu."

"A Frank," anatero Ida osalandira botololo, "mapepala oyera ndi amene ndimakulungira mandasi."

Frank anaseka kwambiri, mopitirira muyeso. Fantayo anamwa yekha.

* * *

M'mawa mwake Wyson anamupeza Frank akumanga katundu.

"Chakudya cha masana mukakonzere pa sukulu ya kwa Tomiha, pansi pa mango paja. Pa sukulu, Frank. Osapitirira."

"Madala, ine mchombo wanga unagwera konkuno. Palibe mwala wa m'munsi mwa Michesi umene sindiudziwa."

Galimoto inanyamuka. Njinga zinatsatira pang'onopang'ono, zinasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa ndi nandolo. Amayi osenza nkhuni ankapatuka n'kuima m'mbali, mitolo ili pamutu, akuseka zipewa za alendowo. Phiri linali kumanzere, pafupi kwambiri moti munthu ankatha kuona mabala ake: mizere yotuwa yotsika kuchokera pamwamba, m'mene mitengo inali isanabwererebe.

Kenako miyala inayamba. Inali pakati pa minda, ina ngati nkhokwe, ina ngati nyumba. Anthu ankalima mozungulira, mizere n'kupinda kenako n'kuwongokanso.

Mayi wina wachikulire mwa alendowo anapalasa mpaka kufika pambali pa Wyson. Anamufunsa m'Chingelezi kuti miyala imeneyi inabwera bwanji kuno.

Wyson anayankha ndi mawu ake a ntchito, osakwera osatsika. Anati mu Malichi wa 1991 mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo tsiku lina phiri linang'ambika, madzi ndi matope ndi miyala n'kutsikira m'midzi. Anati anthu kuno amati ndi napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikafuna kusamuka chimadzilambulira njira. Anati anafa anthu ambiri.

"Inu munali kuno?"

"Ndinali ku Migowi. Ndinapita dzulo lake, mitsinje inadzaza, ndinagona komweko."

"Munachita mwayi."

"Anthu amatero."

Sanamuuze kuti Rozaria anali atamutuma mchere, ndiponso kuti mcherewo anabwera nawo.

Atadutsa kamtsinje kouma, njinga ya mzungu wina inaponda munga. Atangomata chubucho, cha wina chinaphwanso. Pamene amanyamuka dzuwa linali litafika kale pamutu, ndipo Wyson anawerengera kuti galimoto yawatsogolera ndi maola awiri.

* * *

Pa sukulu panalibe galimoto. Pansi pa mango panali mbuzi zokha. Mapazi a matayala anadutsa pabwalo n'kupitirira cha kuphiri.

Wyson sanaime kuti aganize. Anapalasa, alendo n'kumutsatira, akudabwa kuti wowatsogolera wayamba liwiro tsopano.

Mwalawo unali pamapeto a munda wa chinangwa, pamene kale panali nyumba yake. Unali waukulu kuposa nyumbayo, koma wokwiririka m'nthaka, moti pamwamba pake pankafika m'chiuno mwa munthu, posalala ngati tebulo. Pambali pake panamera mkuyu umene kale kunalibe. Amuna makumi atatu anayesa kukumba pansi pake sabata ya napolo ija, analephera. Chiyambire nthawi imeneyo palibe amene ankakhalapo. Palibe ankayanikapo makaka. Mbuzi ikakwerapo ankaipirikitsa, ndipo wa njinga akafika pamenepo ankatsika n'kukankha. Mtanda panalibe, chifukwa amake Rozaria anakana.

Lero panali nsalu ya mabokosi abuluu, yoyalidwa bwino, ngodya zake zitapanikizidwa ndi timiyala. Panali mbale, buledi, mapeyala, nkhuku yootcha, mafulasiki a tiyi. Pakati panali kapu ya maluwa akutchire. Ida anali atakhala pamphepete, miyendo ili lende, akusenda chinanazi.

Anakweza dzanja akumwetulira. "Mwachedwatu! Taonani malo amene a Frank andipezera. Kusukulu kuja kuli fumbi."

Alendo anafuula mokondwa. Awiri anali atakwera kale, wina akutulutsa kamera. Chapatali, m'malire a munda, munaima anthu ngati makumi awiri, amuna ndi akazi, makasu ali m'manja.

"Anthuwa ndawapatsa moni kawiri," anatero Ida motsitsa mawu, "angondiyang'ana. Ndi manyazi kapena?"

"Ida, tsikani."

"Bwanji?"

"Tsikani, chonde. Apa ndi pamene panali nyumba yanga."

Mpeni unaima pakati pa chinanazi.

"Nanga Rozaria..."

"Anthu amati ali pansipa."

Ida anatsika pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kudzutsa mwana. Anayang'ana kugalimoto. Frank anali atatsamira chitseko, magalasi ali kumaso.

"Ine ndimangoona mthunzi, madala. Ndine dalaivala ine, za manda sindizidziwa."

Wyson anatembenuka. Gulu la anthu lija linali litapatukana pakati, ndipo pampata pake pankadutsa mayi wokalamba, wamfupi, wowonda, atamanga duku lakuda ndi dothi la kumunda.

* * *

Mkamwini sayang'anizana ndi mpongozi wake. Miyendo ya Wyson inakumbukira yokha. Anasiya njinga, anapatuka m'njira, ananjuta pambali pa mzere wa chinangwa nkhope atalozetsa kwina.

Amake Rozaria anamudutsa ngati adutsa chitsa. Anafika pamwalapo. Anayang'ana nsalu, mbale, maluwa. Anayang'ana mzungu amene anali atakhala pamwamba, buledi ali kukamwa.

"Wayala ndani?"

Ida anagwada. "Ndine, amayi. Sindimadziwa. Ndikhululukireni, sindimadziwa."

"Mukudyera pa mwana wanga." Mawuwo anatuluka aang'ono. Kenako anakwera, n'kung'ambika. "Mukudyera pamanda a mwana wanga!"



Zaka khumi ndi ziwiri mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo. Abusa anayesa, abale anayesa, ankhoswe anayesa. Mayiwo anagwira pakamwa ndi dzanja, ngati akufuna kuwabwezera m'kati. Ndipo m'gulu muja mayi wina anayamba kulira, kulira kwa maliro kwenikweni, kokoka, wina n'kulandira, winanso n'kulandira.

Alendo anatsika okha popanda wowauza. Wyson, adakanjutabe, anawapempha m'Chingelezi kuti akamudikire pa sukulu. Anapita akukankha njinga zawo, zipewa zili m'manja.

Ida anachotsa mbale, anapinda nsalu. Pamwalapo panatsala nyenyeswa za buledi ndi madzi a chinanazi. Anamasula chitenje chake chapamwamba kuti apukute.

"Siyani," anatero amake Rozaria. "Musamukhudzenso."

Anakhala pansi, msana atatsamira mwalawo, miyendo atatambasula. Anakodola mayi wina woyandikana nawo nyumba, dzina lake Eveles, kuti akhale pakati. Wyson anali pamtunda wa mapazi asanu okha, koma mwambo ndi mwambo.

"Eveles, afunseni akamwini angawa. Zaka zonsezi njira ya kuno anaiiwala. Lero abwera kudzatani?"

"Akuti mwabwera kudzatani, alamu?"

Wyson anawomba m'manja mofatsa. Mawu amene anawakonza usiku wonse anali atathawa. Anatsala ochepa okha.

"Ndabwera kudzapempha kuti andisudzule."

"Akuti muwasudzule."

"Ndamva, si ine gonthi. Apeza wina?"

"Inde," anatero Wyson.

"Ali kuti?"

Mayiwo anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso awo anafika pa Ida, amene anali adakagwada, nsalu ya mabokosi ili pachifuwa.

"Ndi uyu?"

"Ndi iyeyo, amayi. Sanadziwe. Wolakwa ndine, sindinamuuze."

Dzanja la mayiwo linkasisita mwalawo m'mbali, monga amasisitira msana wa mwana wodwala.

"Eveles, auzeni. Mwana wanga anafa. Ndanena ndekha, anthu amva, sindingabwezenso. Loweruka abwere ndi ankhoswe awo. Tiphika thobwa, tiwameta, tiwauza kuti pitani, mwamasuka. Anandisamalira mwana wanga chaka chimodzi chimene anakhala naye, sindiwakaniza."

Wyson anawomba m'manja mothokoza.

"Koma auzeninso ichi. Tsikulo adzaika dzanja pamwalapa, anthu onse akuona, n'kulumbira kuti mkazi amene akukamutenga si uyu. Wina aliyense, ngakhale wa ku Milanje kutsidya kwa malire, ine ndilibe naye mawu. Koma amene wayala nsalu pa mwana wanga n'kukhalapo miyendo ili lende, ameneyo sangalowe m'malo mwake ine ndili moyo. Akakana, adzafa ali mkamwini wanga."

Eveles sanabwereze. Panalibe amene sanamve.

Wyson anayang'ana dothi. Akakana, sasudzulidwa, ndipo amalume a Ida atseka chitseko. Akavomera, asudzulidwa kuti apite kwa ndani? Anafuna kunena kuti si chilungamo. Anafuna kutchula dzina la Frank. Koma kumbuyo kwake amayi aja ankalirabe, ndipo anazindikira kuti nayenso anali asanamulirepo Rozaria pamaso pa anthu, ngakhale tsiku limodzi. Munthu sakangana ndi mayi amene wangomva kumene kuti mwana wake wafa.

"Ndibwera Loweruka," anatero.

* * *

Wyson anamupeza Ida kuseri kwa galimoto, akulongedza mbale m'bokosi imodziimodzi. Frank anali atalowa kutsogolo n'kutseka mawindo.

"Mukanandiuza dzulo," anatero Ida osatembenuka. "Mawu angati? 'Kuli mwala, musakhalepo.' Basi."

"Ndinalakwa."

"Azunguwa mumawauza zonse. Amene anamanga tchalitchi, amene anafera kunkhondo, chaka chake, mwezi wake. Ine wofuna kukhala nanu m'nyumba mwandisiya ndikhale pamwamba pa mkazi wanu ndikusenda chinanazi."

"Frank amadziwa. Wachita dala."

"A Frank ndithana nawo ndekha, amenewo si nkhani. A Frank sanandilonjeze kanthu." Anatseka bokosilo. "Mwati mubwera Loweruka."

"Ndimafuna ndipeze nthawi. Mwina mtima wawo ukatsika..."

"Mwawaona amayi aja? Adikira zaka khumi ndi ziwiri kuti anene mawu amodzi. Mukuganiza kuti awa awabweza m'masiku awiri?" Tsopano anatembenuka. "Ndiyankheni chimodzi. Mwalawo mudzaugwira?"

Wyson anatsegula pakamwa. Yankho linachedwa, ndipo onse awiri anamva kuchedwa kwakeko.

Ida anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene walandira uthenga umene ankauyembekezera.

"Chabwino. Alendowa ndiwaphikira mpaka ulendo uthe, si iwo alakwa. Loweruka m'mawa ndikwera basi pa Chitakale, ndikupita kwathu. Mukadzera kuno, musadzandilondole, ndipo sindidzakusungirani mangawa. Mukabwera kubasiko, mubwere mukudziwa kuti mukukaima pamaso pa amalume muli mwamuna wa mwini, ndipo mukawayankha nokha. Ine sindikulankhulirani."

"Ida."

"Pitani, a Wyson. Alendo anu sanadye."

Anakwera kumbuyo, pakati pa mabokosi ndi matayala, n'kumenya denga kawiri kuti Frank anyamuke.

Wyson anatsala m'fumbi, njinga yake ili gone m'chinangwa. Kumwala kuja anthu ankachulukirachulukira, ena akuthamanga kuchokera m'minda, ndipo amayi anali atayamba kuitana dzina la Rozaria, monga amachitira maliro akangochitika kumene. Linali Lachinayi. Kuti Loweruka lifike panatsala masiku awiri.